Mkango kapena njuzi ikachokera m'manja mwa anthu ankhanza

Mukamva kuti wina akusunga mwana wa njuzi kapena kambuku m'khola la nkhuku, musapite kukamulanda nokha. Imbirani a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife kapena a Lilongwe Wildlife Trust. Kusunga nyama zoterezi popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuyambira 2017 milandu ina ya nyama zakutchire imafika zaka 30 kundende.

Kugwira nyamayo ndi ntchito ya dokotala wa nyama. Ngati n'kotheka, ife osamalira nyama timaimana chakudya usiku wonse kuti isasanze ikagonekedwa ndi jakisoni. Ikagona, timaiphimba maso ndi nsalu, tonse kukhala chete, kenako m'bokosi. Ikafika kumalo osamalirako nyama zopulumutsidwa imakhala payokha pafupifupi mwezi wathunthu, kuyezedwa magazi ndi ndowe.

Pa chakudya ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ena mwa chikondi ndithu. Mnofu wokhawokha umapundula. Mphaka wamkulu wakutchire ngati mkango amafuna nyama ya mafupa ake, chikopa ndi zam'kati, apo ayi mafupa ake amafewa n'kupindika. Amene munamuona Bella ku Lilongwe Wildlife Centre mukudziwa zimene ndikunena. Mkango waukaziwu unabwera mu 2009 kuchokera kumalo osungirako nyama ku Romania, mothandizidwa ndi bungwe loteteza nyama la Born Free, uli ndi diso limodzi, msana wokhota, ukuyenda movutikira. Chakudya chabwino chinaubwezera thupi, koma msana sunawongokenso. Mu 2014 kunabwera mkango wamphongo, Simba, amene anakulira m'manja mwa ochita masewera a nyama ku France.

Inu osamalira nyama zoterezi, musalowe m'khola nyama ili momwemo, ngakhale izolowere mawu anu bwanji. Itsekereni m'chipinda chogona kaye, gwedezani loko ndi dzanja, mnzanu abwereze, ndiye mulowe ndi fosholo. Ine ndimawerenganso nyama ndi chala, ngakhale ikhale imodzi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Nyama imene inakulira pa simenti, mukaitsegulira bwalo la udzu ndi mitengo, imaima pakhomo. Ndinaonapo njuzi ikuponda udzu ndi phazi limodzi, n'kulikutumula ngati yaponda phulusa lamoto, n'kubwerera kukayenda uku ndi uku m'mbali mwa waya, masitepe omwe aja a khola lake lakale. Musaikankhe, musaiwaze madzi. Siyani chitseko chotsegula, ikani chakudya patali pang'ono tsiku lililonse. Bisani china m'katoni kapena pa nthambi, mwazani ndowe za mbuzi kuti mphuno igwire ntchito.

Anthu amandifunsa kuti bwanji osaitaya ku Liwonde kapena ku Majete. Njuzi yopulumutsidwa msanga, yosazolowera anthu, ikhoza kubwerera kutchire. Mkango umene sunasakepo sungathe: njala ikauwawa udzalunjika kumudzi, kukhola la ng'ombe. Wotere timausunga mpaka imfa, ndipo sitilola kuti ubereke, chifukwa mwana wake adzafunanso khola moyo wake wonse.