Zimene Mungachite Mukadzidzimuka Usiku Thupi Litauma

Munthu amadzidzimuka pakati pa usiku kapena m'bandakucha, akuona bwinobwino denga ndi zenera la chipinda chake, koma akati atukule mkono, atembenuke kapena aitane mnzake amene wagona pambali pake, thupi lonse limakana. Nthawi zambiri pachifuwa pamalemera ngati pakhala munthu, ndipo ena amaona chinthu chakuda chitaima pakhomo kapena amamva mapazi akuyandikira bedi. Vutoli madokotala amalitchula kuti sleep paralysis, ndipo ngakhale kuti limachititsa mantha aakulu, palokha silipha munthu kapena kumusiyira chilema. Limatha lokha pakapita masekondi angapo kapena mphindi zochepa. Mu 2011, akatswiri a maganizo Brian Sharpless ndi Jacques Barber ataphatikiza zimene ofufuza ambiri anapeza, anaona kuti anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse zimenezi zinawachitikirapo, ndipo pakati pa ophunzira chiwerengerocho chinafika pa 28 pa 100.

Choyamba chofunika ndicho kudziwa chimene chikuchitika m'thupi, chifukwa kudziwako n'kumene kumachepetsa mantha, ndipo mantha ndi amene amakulitsa vutoli. Tulo sitikhala tofanana usiku wonse. Timasinthasintha, ndipo pafupifupi mphindi 90 zilizonse munthu amalowa m'gawo lotchedwa REM, limene maso amayendayenda mofulumira m'kati mwa zikope. Gawoli analitulukira ndi Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman pa yunivesite ya Chicago mu 1953, ndipo ndi mmene maloto ambiri ooneka bwino amabwera. Pa nthawi imeneyo mbali ya m'munsi ya ubongo imatumiza uthenga kudzera mumsana woletsa minofu ya manja, miyendo ndi khosi kugwira ntchito, kuti munthu amene akulota akuthawa asadzuke n'kuyamba kuthamangadi m'chipinda. Vuto limabwera pamene maganizo agalamuka minofu isanamasulidwe. Popeza magawo a REM amatalika kukamacha, n'chifukwa chake anthu ambiri zimawachitikira cha m'mamawa, ngakhale kuti ena zimawagwira tulo tikungoyamba kumene.

Kulemera kwa pachifuwa nakonso kuli ndi chifukwa chake. Mnofu waukulu umene uli pansi pa mapapo umapitiriza kukoka mpweya monga mwa masiku onse, koma minofu ya pakati pa nthiti imakhala italefuka, choncho munthu akafuna kupuma mwamphamvu chifukwa cha mantha amalephera n'kuganiza kuti akubanika. Mpweya umakhala ukulowabe wokwanira. Koma zinthu zimene amaona ndi maloto amene sanathe, omwe asakanikirana ndi chipinda chenicheni. Ine zikandichitikira, chimene chimandiopsa ndi jekete limene ndimakoloweka kuseri kwa chitseko, chifukwa limasanduka munthu wamtali wopanda nkhope, amene amaoneka kuti akuwerama pang'onopang'ono kundiyang'ana. Ndikamasuka n'kuyatsa nyali ndimapeza jekete lomwe lija, mkono wake umodzi utapindika.

Anthu a m'mayiko ambiri akhala akunena kuti zimenezi ndi ntchito ya mizimu, ziwanda kapena afiti, ndipo sindidabwa nazo, chifukwa amene zamuchitikira amakhala ataona chinthucho ndi maso ake. Komabe zimene munthu amakhulupirira zimakhudza mmene amavutikira. Ofufuza ena, Baland Jalal ndi Devon Hinton, atayerekezera anthu a ku Egypt, kumene ambiri amati ndi ziwanda, ndi a ku Denmark, kumene ambiri amaliona ngati vuto wamba la thupi, anapeza kuti a ku Egypt zinkawachitikira kawirikawiri ndipo ankaopa kwambiri kuti afa. Munthu woopa amazengereza kukagona, akagona amagona tulo todukiza, ndipo tulo toterewu ndi timene timabweretsanso vutolo.

Tsono zikakugwirani, musalimbane nalo thupi. Kukakamira kuti mudzuke ndi mphamvu zonse kumangowonjezera kulemera kwa pachifuwa, mtima n'kumagunda mofulumira, ndipo zooneka zija zimakula. M'malo mwake dziuzeni mumtima mawu amene munakonzeratu masana, monga akuti, "Izi ndikuzidziwa, ndi tulo chabe, zitha posachedwa." Kenako ikani maganizo pa kupuma, kulowetsa ndi kutulutsa mpweya modekha, n'kumawerenga. Ngati zimene mukuona zikukuopsani, tsinzinani, pakuti maso ndi zikope kawirikawiri zimamverabe pa nthawiyi. Ena amathandizika akamapemphera chamumtima kapena akamaganizira nkhope ya munthu amene amamukonda, ndipo zimenezi n'zabwino chifukwa zimachotsa maganizo pa chinthu choopsacho. Mukadekha, yesani kugwedeza kachiwalo kamodzi kakang'ono, monga chala chachikulu cha kuphazi, lilime kapena nsonga ya chala cha kudzanja. Kachiwaloko kakangogwedezeka, nthawi zambiri thupi lonse limatsatira.

Ngati mumagona ndi mnzanu m'chipinda chimodzi, muuzeni zimenezi kukadali kowala. Munthu wogwidwa ndi vutoli sangafuule, koma nthawi zina amatha kubuula chapansipansi kapena kupuma mwaphuma, ndipo mnzanuyo akamva zimenezo angokugwirani paphewa n'kukutchulani dzina. Nthawi zambiri kukhudzidwa pang'ono kumakwanira kumasula thupi.

Mukamasuka musagonenso nthawi yomweyo muli pamalo omwewo, chifukwa n'zotheka kubwerera m'gawo lomwe lija n'kugwidwanso. Khalani tsonga, yatsani nyali yosawala kwambiri, yang'anani pamene panali chinthu chija kuti mutsimikize kuti palibe kanthu, ndipo muyendeyende pang'ono musanabwerere pabedi. Pogonanso mugonere cham'mbali.

Nkhani ya kagonedwe imeneyi ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Vutoli limakonda kugwira munthu amene wagona chagada, choncho kuzolowera kugona cham'mbali kumathandiza anthu ambiri. Amene amatembenuka osadziwa angathe kuika pilo wolimba kumsana, kapena kusokerera kampira kakang'ono kumsana kwa chovala chogonera kuti akati agone chagada kaziwasowetsa mtendere. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9, ndipo amene wakhala masiku angapo akugona mopereweza, thupi lake limathamangira m'gawo la maloto akangopeza mpata, ndiye pamene zinthu zimasokonekera. N'chifukwa chake ophunzira amene akuchezera kuwerengera mayeso, anthu ogwira ntchito usiku mosinthana ndiponso amene ayenda ulendo wautali wa pandege amadandaula kwambiri. Yesetsani kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale pa masiku opuma. Khofi amakhalitsa m'magazi, moti pakapita maola pafupifupi 5 theka la mphamvu yake limakhala likadalimo, choncho ndi bwino kuleka kumwa dzuwa likapendeka. Mowa umanyenga, chifukwa umagonetsa msanga koma umapondereza gawo la REM kumayambiriro kwa usiku, ndipo ukamatha m'thupi gawolo limabwera mwamphamvu ndi maloto osokonezeka. Foni nayo muiike patali nthawi yogona ikayandikira.

Ndi bwino kukhala ndi kabuku pafupi ndi bedi. M'mawa uliwonse zikachitika, lembani nthawi imene munagona, mmene munagonera, zimene munamwa madzulo ndi zimene zinkakuvutitsani maganizo tsikulo. Pakapita milungu ingapo mumayamba kuona nokha chimene chimayambitsa, ndipo kwa anthu ambiri chimakhala nkhawa: ngongole, maliro, mikangano ya m'banja kapena ntchito imene yatsala pang'ono kutha.

Kabuku komweko n'kothandizanso pa maloto oopsa amene amabwera mobwerezabwereza. Pali njira imene akatswiri a maganizo amagwiritsa ntchito, makamaka pothandiza anthu amene anakumana ndi zoopsa monga nkhondo, ngozi kapena kugwiriridwa. Masana, mutakhala pamalo abata, lembani lotolo mwachidule, kenako mulisinthe kuti lithe mmene inuyo mukufunira. Ngati mumalota mukuthamangitsidwa m'njira yopanda potulukira, mungalembe kuti kutsogolo kwatseguka chipata ndipo mwatulukira pabwalo pamene pali anthu okudziwani. Tsiku lililonse muzitenga mphindi 10 kapena 20 mukuona m'maganizo loto latsopanolo mwatsatanetsatane, mpaka ubongo ulizolowere. Njirayi imafuna kuleza mtima, ndipo ngati lotolo likuchokera pa chinthu chowawa kwambiri chimene chinakuchitikirani, ndikulangizani kuti muichite mothandizidwa ndi mlangizi wodziwa ntchitoyi, osati panokha.

Pali nthawi zina pamene malangizo onsewa sakwanira ndipo muyenera kukaonana ndi dokotala. Pitani ngati vutoli likubwera pafupipafupi moti mwayamba kuopa kugona, kapena ngati masana mumagwidwa ndi tulo tosaletseka muli pa ntchito, mukudya kapena mukuyendetsa galimoto. Ngati mawondo amafooka kapena nsagwada zimalefuka mwadzidzidzi mukamaseka kapena mukakwiya, muuzeni dokotalayo mosabisa, chifukwa zimenezi zingakhale zizindikiro za narcolepsy, matenda ogwidwa ndi tulo mwadzidzidzi, amene ali ndi chithandizo chake. Amene amaliza mkonono kwambiri n'kumadukiza kupuma ali m'tulo ayeneranso kupimidwa. Popita kwa dokotala tengani kabuku kaja ndi mankhwala onse amene mukumwa, popeza ena monga efavirenz (a HIV), mefloquine (a malungo) komanso ena othandiza matenda a maganizo amadziwika kuti amabweretsa maloto achilendo. Musawasiye panokha, dokotala ndi amene angaone ngati n'koyenera kusintha mankhwalawo kapena nthawi yomwera.

Pomaliza, muzisiyanitsa vutoli ndi sitiroko. Kuuma thupi kwa m'tulo kumagwira mbali zonse ziwiri ndipo kukatha munthu amayenda ndi kulankhula bwinobwino. Koma ngati mwadzukiratu ndipo mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukadali wofooka, pakamwa papotoka kapena mawu sakutuluka bwino, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.