Soya yense wapita pa sikelo ya venda, mwana adya chiyani mu Januwale?

Soya wa chaka chino wacha bwino m'minda yambiri yomwe ndimayendera chakuno ku Linthipe ndi ku Lobi m'boma la Dedza, ndipo pa kalimidwe ndilibe nanu mlandu. Kubzala mizere iwiri pa mzera mwakuzolowera, mitundu ya soya ya Tikolore ndi Makwacha mukuidziwa kuposa ine. Mlandu wanga uli pa zomwe zachitika soyayo atangomenyedwa. Kuyambira mu Epulo njinga zakhala zili piringupiringu kulowera ku Chimbiya ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M1, iliyonse matumba awiriawiri, koma ndikalowa m'nyumba zomwe matumbawo achokera ndikupeza mulibe ngakhale mbale imodzi ya soya. Yense wapita, ndi wosesa pabwalo yemwe. Pakhomo pomwepo mwana wa miyezi 8 akumwetsedwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira kamchere basi.

Mukudziwa kodi chimene mwakweza panjingacho? Pa makilogalamu 100 a soya, pakati pa 35 ndi 40 ndi zomanga thupi, mapuloteni aja, ndipo pafupifupi 20 ndi mafuta. Chimanga zomanga thupi zake zimalekezera pa 9 kapena 10, ndipo mukachikonola n'kuchiviika kuti ufa uyere, zina mwa zochepazo zimapita ndi gaga ndi madzi a mphale. Likuni Phala amene ana amalandira m'sukulu zambiri za pulaimale si mankhwala ochokera kunja. Ndi chimanga magawo 4, soya gawo limodzi, n'kuwonjezera mavitamini. Zonse ziwirizi zinali pabwalo panu mwezi wathawu.

Tsono tsatirani ulendo wa thumba lanulo. Venda amalikweza pa lole kupita nalo ku mafakitale a ku Kanengo ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kumeneko amafinya mafuta, zotsala amapangira chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, zina amapangira nyama ya soya ija ya m'mapaketi. Pofika Disembala inu nomwe muli pa okala, kugula kapaketi ka nyama ya soya ndi kachubu ka mafuta komangidwa m'pulasitiki, zinthu zomwe munagulitsa zili pamodzi m'njere imodzi. Mwalipira mafuta a galimoto opita ndi obwera, mwalipira pepala lokulungira, mwalipira phindu la anthu atatu kapena anayi. Ndalama za kapaketi zikasowa, ndiwo ndi nkhwani wothira soda, mawa nkhwani yemweyo.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Ngongole ya feteleza ikudikira, ku banki mkhonde akufuna zawo, fizi ya temu yachitatu, sopo, mchere. Ine sindikuti musagulitse. Soya ndi mbewu ya ndalama, ndipo n'chifukwa chake tinakulimbikitsani kuti mumulime posinthanitsa ndi chimanga, kuphatikiza pa chonde chomwe mizu yake imasiya m'nthaka. Chomwe chikundipweteka ndi kugulitsa yense, komanso kugulitsa mwezi womwe aliyense akugulitsa, pamene mtengo uli pansi penipeni. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, koma venda akaimika sikelo yake pansi pa mtengo wa mango m'mudzi, mtengo ndi umene wanena iyeyo, ndipo sikeloyo simunaiyese ndi kalikonse. Mu Novembala mudzamufunanso munthu yemweyu kuti akugulitseni mbewu, yosadziwika kuti yasungidwa bwanji, chikhalirecho soya sachedwa kutaya mphamvu yomera akakhala potentha kapena ponyowa.

Ndipo wofunika pakhomo si wambiri. Mwana m'modzi akamadya ufa wa phala wokwana magalamu 100 patsiku, soya wake m'menemo ndi magalamu 20. Chaka chathunthu ndi makilogalamu 7 ndi pang'ono. Ana atatu, makilogalamu 22. Theka la thumba la makilogalamu 50 likukwana, n'kutsalako. Munthu wokolola matumba 8 akulephera kusiya theka la thumba limodzi, ndiye ndimve kuti vuto ndi umphawi?

Mtengo wa zimenezi sumaoneka mu Meyi pamene m'thumba muli ndalama. Umaoneka ku sikelo ya ana, alangizi a zaumoyo akamalemba m'buku mzere womwe wangoima osakwera. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira, ndipo Dedza inali pamwamba pa nambala imeneyi. Boma la mbatatesi, nyemba, kabichi ndi soya! Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ndi 8 okha mwa 100 amene ankadyetsedwa mokwanira, pa kangati ndi pa mitundu ya zakudya. Ndatopa nako kumva kuti "ndi mtundu, kwawo onse ngafupiafupi." Agogo ake anafupika ndi phala lomweli la ufa woyera, bambo ake chimodzimodzi, ndiye mukuti ndi magazi. Kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha, kumakhudzanso bongo, ndipo zikachitika m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, n'zovuta kuzibweza. Ndi mwana uja amabwereza sitandade 1 ndi 2, amadwaladwala dzinja lililonse, ndipo mayi ake amataya masiku a kupalira ali pa benchi ku chipatala. Ikafika poti akulandira chiponde, ndalama za soya zija zinatha kalekale.

Mayi wina wa m'gulu la amayi losamalira ana cha ku Lobi anandisimbira za chaka chatha akuseka. Amuna awo anali atalamula kuti soya yense apite kumsika. Iwo pa nthawi yopeta ankapatula mbale imodzi tsiku lililonse n'kukasiya kwa mayi awo, nyumba yoyandikana nayo, mpaka zinakwana ndowa ziwiri. Bamboyo ndi mkamwini, sakanalowa m'nyumba ya apongozi kukasuzumira m'madengu. Mu Januwale, akudya phala asanapite kokabandira, anafunsa: "Kodi mayi a mwana, Likuni ameneyu mwamutenga kuti? Mwakongola kwa yani?" Mayiwo anati: "Ndi soya wanu yemwe uja, bambo." Akuti anangoti chete, kenako anapempha kuti awawonjezere. Sindikuti muziberana m'banja, ayi. Koma zikusonyeza pamene pali vuto: wogulitsa ndi wina, woyang'ana poto ndi wina, ndipo awiriwa sakhala pansi matumba asanasokedwe. Abambo, pa msonkhano wa za mitengo mumadzaza bwalo, koma tsiku la chionetsero cha kaphikidwe mumatuma akazi anu okha.

Chodandaula china ndi chakuti soya amanunkha, amatupitsa mimba, ndi chakudya cha nkhumba. Amanunkha chifukwa mumamutsuka kapena kumuviika m'madzi ozizira ali wamuwisi, ndipo fungo lija limadzuka pomwepo. Amavutitsa m'mimba chifukwa ena mumangomuthira m'chimanga popita kuchigayo osamuphika kaye. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zomwe zimalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi, ndipo zimafa ndi moto wokha. Kuphika phala kwa mphindi zochepa sikukwanira. Zimenezi takhala tikuzinena pa zionetsero zaka ndi zaka.

Kwa amene mwatsalako ndi kenakake, kapena mungagule kwa anzanu mtengo usanakwere, chitani chonchi. Patulani theka la thumba lero, mbewu payokha, musaphatikize. Sankhani miyala ndi njere zowola ali wouma. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke, muzithira soya pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kuwira, awire mphindi 30. Mukatsanula ndiye mutha kumuthira madzi ozizira n'kumufikisa kuti makoko achoke. Yanikani pa mphasa kapena pa thandala mpaka azithetheka mukamuluma. Ngati nkhuni zavuta, mukazingeni pa moto wochepa mpaka afiirire, osati apserere. Kuchigayo, mbale 4 za chimanga cha mgaiwa, mbale imodzi ya soya. Gayitsani wa masabata awiri kapena atatu okha, chifukwa ufa wa mafuta suchedwa kuwawa. Phala likhale lolimbako, losayenderera pa sipuni, muthiremo masamba osinja, nsinjiro za mtedza wopanda chuku kapena dzira likapezeka. Mwana wosakwana miyezi 6 ndi bere lokha, izo mukudziwa. Thumba losungalo likhale pa mitengo, osati pa dothi kapena kutsamira khoma. Nyemba ndi mtedza zomwe zikubwerazi lamulo ndi lomweli, makamaka inu amene munabzala nyemba za NUA 45, zomwe zili ndi ayironi wambiri. Za kusonkhanitsa matumba otsalawo m'kalabu kuti mugulitse pamodzi mtengo ukakwera, bwerani nazo pa msonkhano wa mwezi uno, ndipo abambo mubwere nokha, osatuma.