Kusankha njinga yotsamira ya maulendo ataliatali

Aliyense amene anapalasapo njinga usana wonse ndi usiku womwe amadziwa kuti miyendo si imene imayamba kugonja. Zimayambira pa chishalo, pamene khungu limanyuka n'kuchita zilonda. Kenako zala ziwiri zakumapeto zimachita dzanzi chifukwa mtsempha wa m'chikhatho wakhala ukupanikizika pa handulo. Pomaliza khosi, limene lanyamula mutu chiweramire kwa maola ambiri, limakana. Pa mpikisano wodutsa dziko lonse la America pa njinga, wotchedwa Race Across America, wa 1983, khosi la Michael Shermer linafooka mpaka sankathanso kudzutsa mutu kuti aone kutsogolo, ndipo mpaka lero opalasa mitunda italiitali amatchula vutoli ndi dzina lake.

Mavuto atatuwa ndi amene amapititsa anthu ambiri ku njinga yotsamira, imene ogulitsa amaitcha recumbent. Pa njinga imeneyi mumakhala ngati muli pa mpando wa ndalema: msana watsamira, miyendo yaloza kutsogolo kumene kuli mapedulo, manja angogwira chiwongolero osanyamula thupi. Kulemera kwanu kumagawika pamsana ponse. Komanso poti mwagona, mphepo imapeza malo ochepa oti ikukankheni, ndipo pa msewu wosalala mphepoyo ndiyo imadya mphamvu zambiri za wopalasa. Izi zinaoneka kalekale. Pa 7 July 1933, ku Paris, Francis Faure anapalasa makilomita 45.055 mu ola limodzi pa njinga yotsamira yopangidwa ndi Charles Mochet, n'kuposa makilomita 44.247 amene Oscar Egg anapalasa mu 1914. Chaka chotsatira bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linachotsa njinga zoterezi m'mipikisano yake. Choncho musanatulutse ndalama, werengani kaye malamulo a ulendo umene mukufuna kulowa. Maulendo a audax, amene ndi ataliatali ofunika kuwamaliza m'nthawi yoikika osati kupikisana, amazilola, koma mipikisano yotsata malamulo a UCI ayi.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musasankhe njinga yothamanga kwambiri pa chithunzi, sankhani imene mungakhalepo maola makumi awiri, n'kuima ndi kunyamuka nayo bwinobwino mutatopa. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ulendo wa Paris–Brest–Paris, umene umachitika zaka zinayi zilizonse, ndi wa makilomita pafupifupi 1,200 ndipo ambiri amapatsidwa maola 90. Kuti mulowe nawo, mumayamba mwamaliza maulendo anayi chaka chomwecho: makilomita 200 m'maola 13 ndi theka, 300 m'maola 20, 400 m'maola 27, ndi 600 m'maola 40. Mukagawa, mupeza kuti liwiro lofunika silipitirira makilomita 15 pa ola. Koma wotchi siima mukamadya, mukamagona kapena mukamamata chubu. Amene amalephera nthawi zambiri si oyenda pang'onopang'ono, koma amene amaimaima chifukwa china chake chikuwapweteka kapena chawonongeka. Njinga yabwino ndi imene imachepetsa kuimako.

Mpando

Yambani ndi mpando, chifukwa zina zonse zimatsatira pamenepo. Funso loyamba n'lakuti wagona motani. Njinga zampikisano zimakhala ndi mpando wogona pafupifupi madigiri 20 kuchokera pansi, pamene zapaulendo zimakhala pakati pa 30 ndi 45. Kampani ya Cruzbike inachita kulemba nambalayi pa dzina la njinga zake: V20 ndi ya madigiri 20, S40 ndi ya 40. Mukagona kwambiri mumadula mphepo, koma mumalipira zinthu zitatu. Simuona bwino msewu pafupi ndi tayala lakutsogolo chifukwa mawondo ndi chiwongolero zimatchinga. Khosi limafuna kotsamiritsa mutu, ndipo kotsamiritsako pa msewu wamabampu kamagwedeza mutu mpaka maso kuchita chidima. Chachitatu, kuimika njinga pa liwiro laling'ono kumavuta. Mukadzuka kwambiri nakonso kuli vuto lake: thupi lonse limabwerera pa matako, ndipo pakatha maola angapo minofu ya pamenepo imawawa ndi kuchita dzanzi, chifukwa ndi yomweyo imene mukupalasira. Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimalimbikitsa njinga imene mpando wake umasinthika. Yambirani pafupi ndi madigiri 35, n'kumagonetsa pang'onopang'ono thupi likamazolowera.

Funso lachiwiri, limene ambiri amalinyalanyaza, ndi kutalika kwa mpando kuchokera pansi. Mutakhala chotsamira, phazi lonse lizifika pansi, osati zala zokha. Mmawa muli ndi mphamvu izi zimaoneka zazing'ono. Koma cha m'ma 3 koloko usiku, mwafika pamphambano pali mchenga, mutu uli wa tulo, phazi likalephera kuponda pansi mumagwa. Anthu aafupi miyendo asamale kwambiri pamenepa.

Mipando ilipo ya mitundu iwiri. Wina ndi chigoba cholimba chokhala ndi siponji pamwamba. Ndi wopepuka, sutaya mphamvu mukakankha, koma umabwera m'masaizi ndipo uyenera kugwirizana ndi kutalika kwa msana wanu. Wina ndi wa nsalu yaukonde yokungidwa pa fulemu. Umalemera pang'ono, koma umapitisa mphepo kumsana, chinthu chimene mungachiyamikire ngati mukupalasa kotentha ngati kunyanja mwezi wa October.

Kapangidwe ka njinga

Njinga zimene tayala lakutsogolo lili patsogolo pa mapedulo zimakhala zazitali kwambiri. N'zosavuta kuphunzira, mapazi amakhala pafupi ndi pansi, ndipo zimatsetsereka modekha. Vuto lake ndi kulemera ndi kunyamula: kuilowetsa m'galimoto, m'sitima kapena m'nyumba yam'mwamba ndi ntchito ndithu.

Zimene ambiri amapalasa pa maulendo a audax ndi zazifupi, zimene mapedulo ali patsogolo pa tayala. M'gulu limeneli muli zotchedwa highracer, za matayala awiri aakulu ofanana, ngati zimene amapanga a Bacchetta ku America ndi a M5 ku Netherlands. Zimagubuduka bwino, mumanyamula chubu cha saizi imodzi, ndipo mutu wanu umakhala pamwamba poti oyendetsa galimoto akuoneni. Zimafuna munthu wa miyendo yotalikirapo. Mulinso lowracer, imene mpando wake uli pafupi kwambiri ndi phula. Imathamanga zedi pamalo athyathyathya, koma sindingailimbikitse pa msewu wa malole ndi maminibasi. Ndiye pali zapaulendo za tayala laling'ono kutsogolo ndi masipuling'i, monga Streetmachine ya HP Velotechnik ya ku Germany kapena za Azub za ku Czech Republic. N'zolemererapo, koma pa msewu wokumbika zimasunga msana, ndipo zimanyamula katundu pansi pa mpando.

Za masipuling'izi ndiimepo pang'ono. Pa njinga wamba mukaona dzenje mumadzuka pa chishalo, miyendo n'kulandira bampu. Pa yotsamira simungadzuke. Bampu lililonse limafika kumsana. Ngati misewu yanu ili ndi zigamba ndi maenje, sankhani fulemu yolola matayala onenepa, mamilimita 32 kapena kuposa, ngakhale mutaye liwiro pang'ono.

Za Cruzbike n'zosiyana ndi zonsezi. Tayala lakutsogolo ndi limene limakoka, tcheni n'chachifupi ngati cha njinga wamba, ndipo mapedulo amakhota limodzi ndi chiwongolero. Maria Parker anakhala woyamba mwa amayi pa Race Across America ya 2013, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,800, atakwera njinga yoteroyo. Dziwani kuti imatenga nthawi yaitali kuiphunzira chifukwa miyendo nayo imawongolera, komanso pa chitunda chonyowa kapena chamiyala tayala lakutsogolo limatha kuterereka.

Njinga za matayala atatu, monga za ICE za ku Cornwall kapena Catrike za ku Florida, zimachotsa nkhawa yakugwa, ndipo mutha kukwera chitunda pang'onopang'ono mmene mungafunire. Koma n'zolemera, n'zotambalala, ndipo kuzemba dzenje ndi matayala oyenda m'mizere itatu n'kovuta. Ngati muli ndi vuto la chizungulire kapena la miyendo, ziganizireni mofatsa.

Zitunda

Apa ndi pamene ogulitsa ena salankhula zonse. Njinga yotsamira nthawi zambiri imachedwa pa chikweza. Simungaimirire pa mapedulo, njingayo imalemererapo, ndipo liwiro likatsika kwambiri imayamba kuyenda mokhotakhota. Mukaima pakati pa chitunda, kunyamukanso n'kovuta kuposa pa njinga wamba. Paris–Brest–Paris ili ndi zokwera zopitirira mamita 10,000 mukaziphatikiza, ndipo amene akufuna kupalasa kwathu kuno akudziwa kuti msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja ndi wosiyana kutalitali ndi chikweza cha ku Chiweta kapena chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre.

Mankhwala ake ndi magiya opepuka kwambiri. Onetsetsani kuti giya yotsikitsitsa ili ndi mano ambiri kumbuyo kuposa a kalanka yaing'ono ya kutsogolo. Zunguzani miyendo mwachangu, maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi, m'malo mokankha mwamphamvu. Chenjezoli ndi la mawondo anu. Poti msana watsamira pa chinthu cholimba, mutha kukankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu, ndipo bondo ndi limene limalandira zonsezo. Ambiri amapezanso mpumulo akaika mikono ya mapedulo yofupikirapo, ya mamilimita 155 mpaka 165.

Zipangizo zimene mungapeze panjira

Funsani funso ili pa chipangizo chilichonse: chikawonongeka ndili kutali, ndichipeza kuti? Matayala amadziwika bwino ndi nambala yolembedwa m'mbali mwake. 622 ndi la njinga zamumsewu, 559 ndi la mainchesi 26 la njinga zam'mapiri, 406 ndi la mainchesi 20 ngati la BMX. Samalani, palinso la mainchesi 20 lolembedwa 451, ndipo awiriwa salowana. Ku Ulaya 622 ili m'sitolo iliyonse. M'misika ya kwathu 559 ndiyo yosavuta kuipeza, pamene njinga zakale zakabaza zambiri zili ndi 635, imene silowa pa limu ya 622 ngakhale onse amatchedwa mainchesi 28. Ngati njinga yanu ili ndi matayala awiri osiyana, muzinyamula machubu a mitundu iwiri, ndi tayala lapadera la laling'onolo.

Tcheni cha njinga yotsamira yokoka kumbuyo chimatalika pafupifupi matcheni atatu wamba olumikiza. Chimadutsa pa timagudumu totsogolera ndipo nthawi zina m'timapaipi tapulasitiki. Timagudumu timeneti, zomangira mpando ndi kachitsulo kokolekapo giya yakumbuyo sizipezeka kwa makaniko wa pamsika, choncho itanitsani zapadera tsiku lomwe mukugula njinga. Zina zonse, mabuleki, magiya ndi mahabu, zikhale za mtundu wamba. Onaninso kuti pali pomangirira nyali kutsogolo pamene mapazi sakuitchinga, poika mabotolo a madzi oti muwafikire mukuyenda, ndi chikwama cha kuseri kwa mpando.

Kuyeza ndi kuyesa

Njinga izi siziyezedwa ndi msinkhu. Khalani pansi, msana ndi chiuno zitagunda khoma, tambasulani miyendo, wina ayeze kuchokera kukhoma kufika kuchidendene. Muyezo umenewu ogulitsa amautcha x-seam, ndipo ndi umene adzakufunseni. Mukakhala pa njinga, chidendene chikaponda pedulo ili kutali kwambiri, mwendo uwongoke popanda chiuno kusuntha.

Musagule musanaikwere, ngati n'kotheka. Amene muli ku Britain kapena ku Ulaya, pezani sitolo ya njinga zoterezi imene imalola kuyesa, ngakhale ikhale kutali, ndipo funsani a m'magulu a audax, poti eni njingazi ambiri amakonda kuonetsa anzawo. Kuzungulira pabwalo mphindi khumi sikokwanira. Kwerani chitunda, imani pakati, nyamukaninso. Tembenukani pa msewu wopapatiza muone ngati chidendene chikugunda tayala lakutsogolo. Yesani kuyendetsa ndi dzanja limodzi lina likutenga botolo. Chiwongolero chikhale cha pamwamba kapena cha pansi pa mpando, chachikulu n'chakuti mapewa amasuke ndipo mawondo asachigunde. Ngati muli kumene njingazi kulibiretu ndipo muchita kuitanitsa, yambani ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi mpando wosinthika, ndipo muwerengeretu mtengo wotumizira ndi msonkho. Pa yakaleyo yang'anani ming'alu pamene mpando wamangidwa ndi pamene mkono wonyamula kalanka walowa mu fulemu.

Galasi loonera kumbuyo musalisiye, chifukwa mutatsamira simungatembenuke kuona zimene zikubwera. Ikani nyali yofiira yowala ngakhale masana, pamalo okwera, ndi mbendera ngati njinga ndi yaifupi. Nkhope, chifuwa ndi miyendo zimayang'ana kumwamba tsiku lonse, ndiye dzuwa ndi mvula zimakupezani mosiyana ndi kale. Chipewa chokhala ndi mthunzi ndi magalasi n'zofunika.

Pomaliza pa kugula pamabwera kuzolowera. Ngakhale mukhale katswiri pa njinga wamba, minofu imagwira ntchito mwanjira ina pa yotsamira, ndipo pamapita miyezi musanabwerere pa liwiro lanu lakale. Musagule mwezi uno n'kulembetsa makilomita 600 mwezi wamawa. Phunzirani pamalo opanda galimoto ndi mapedulo wamba, mapewa ali lende, maso ali kutali osati pamapazi. Mukazolowera, gwiritsani ntchito nsapato zokola pa pedulo, makamaka pa ya matayala atatu, pamene phazi likapulumuka limatha kukokeredwa pansi pa njinga. Vuto limene mudzakumane nalo pa mtunda wautali ndi mapazi kutentha kapena kuchita dzanzi, makamaka ngati mapedulo ali pamwamba kwambiri kuposa mpando. Valani nsapato zotakasuka, sunthirani chokolera cha pansi pa nsapato kumbuyo, kuti chiyandikire pakati pa phazi, ndipo masulani zingwe dzuwa likakwera. Zikapitirira ngakhale mwachita zonsezi pa maulendo a makilomita 200, ndiye kuti mukufunika njinga imene mapedulo ake ali m'munsi pang'ono, ndipo ndi bwino kusintha musanayambe a 300 ndi 400.