Bacteriology musaiyambe ndi kuloweza, iyambeni ndi slide

Anzanga amene mwangosankhidwa kumene kukachita microbiology, kapena muli kale chaka chachiwiri nde bacteriology, phunziro la mabakiteriya, yayamba kukuzunguzani mutu, ndati ndilembeko pang'ono chifukwa funso limene mumandifunsa ndi lomwelomwelo, loti mayina ambirimbiri achilatiniwa tiwaloweza bwanji. Ine yankho langa ndi loti musayambe ndi kuloweza. Maso anu aone kaye kachilomboko, manja anu akagwire pa pleti, mayina amabwera okha pambuyo.

Za komwe mungaphunzire sindichedwapo. MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya Medical Microbiology, ku KUHeS ku Blantyre ndi ku Mzuni phunziroli ndi gawo lalikulu la kosi ya anthu a mu labu, ndipo ku Bunda a veterinary ndi a food science amakumana nalonso. Chimene ndingakuuzeni ndi choti chemistry musaithawe, olo munkadana nayo ku sekondale, chifukwa chilichonse chimene bakiteriya amachita pa pleti, kusintha mtundu, kutulutsa mpweya, kuswa shuga, ndi chemistry yokhayokha basi.

Nde tiyeni pa Gram stain, njira yopaka mabakiteriya utoto kuti agawike magulu awiri, Gram positive otuluka apepo ndi Gram negative otuluka ofiira, chifukwa apa mpamene pagona zonse. Njirayi inachokera kwa Hans Christian Gram wa ku Denmark mu 1884 ndipo mpaka lero labu iliyonse imayambira pomwepo. Mumatenga slide yoyera, mumadonthezapo kadontho ka saline, mumawotcha loop, kawaya kotengera tizilombo, mpaka ifiire psuu, mudikire izizire, kenako mungokhudza colony imodzi, kamulu ka tizilombo tomera pa pleti, pang'ono chabe n'kupakaza pa kadontho kaja mopyapyala. Mopyapyala ndithu, moti ikauma muzitha kuwerenga zilembo za mu buku kudzera pa slide-yo. Ambiri oyamba kumene amapakaza ngati akupaka sitoko pa buledi, nde pa maikulosikopu amangoona chimdima chokhachokha. Ikauma yokha ndi mphepo mumaidutsitsa pa moto kawiri kapena katatu kuti tizilombo timatirire, osati kuiphika ayi. Kenako crystal violet mphindi imodzi, kutsuka, ayodini mphindi imodzi, kutsuka, kenako decolouriser, yochotsa utoto, imene ndi acetone kapena alcohol, kutsuka msanga, pomaliza safranin, olo ma labu ena amagwiritsa ntchito neutral red.

Pa decolouriser mpamene anthu amagwera. Ndi masekondi ochepa okha, acetone nde imathamanga kwambiri kuposa alcohol. Ine pa practical ina ndinachedwa kutsuka chifukwa mnzanga amandifunsa kanthu, Staphylococcus amene amayenera kuoneka wapepo anatuluka wofiirira, ndinalemba Gram negative cocci ndipo ma test onse amene ndinapanga pambuyo pake anali a njira yolakwika, masiku awiri anapita padera. Technician wina wachikulire wa mu labu imeneyo ndi amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti pa slide iliyonse ndiziika Staphylococcus aureus mbali ina ndi E. coli mbali ina ngati ma control. Woyamba akakhala wapepo wachiwiri wofiira, nde kuti dzanja lanu layenda bwino ndipo za pakatipo mutha kuzikhulupirira. Chizolowezi chimenecho chitengeni kuyambira tsiku loyamba.

Koma musamangotsatira ndondomeko ngati mukuphika mandasi, mudziwe chifukwa chake. Gram positive ali ndi khoma lochindikala la peptidoglycan, crystal violet akagwirana ndi ayodini amakodwa m'menemo osatuluka. Gram negative khoma lake ndi lopyapyala ndipo kunja kuli outer membrane ya mafuta imene alcohol imasungunula, utoto woyamba umatuluka, safranin amalowa. Mukamvetsa zimenezi mwamvetsa kale chifukwa chake penicillin, amene amagwetsa khoma la peptidoglycan, amagwira bwino pa ma Gram positive ambiri, komanso chifukwa chake vancomycin sachita kanthu pa E. coli, sangadutse outer membrane ija. Mwamvetsanso chifukwa chake kachilombo ka TB, Mycobacterium tuberculosis kamene Robert Koch analengeza mu 1882, sikamva Gram, khoma lake lili ndi phula lotchedwa mycolic acid, nde pamafunika Ziehl-Neelsen, carbol fuchsin wotenthetsa, acid alcohol, methylene blue, timitengo tofiira tikuoneka pa bwalo la buluu. Taonani, mfundo imodzi ya khoma yakutsegulirani mitu itatu ya mu silabasi.

Pa maikulosikopu yambani ndi objective ya 10 kuti mupeze pomwe pali smear, chimene munapakaza chija, kenako kadontho ka immersion oil, n'kupita pa 100. Ndi eyepiece ya 10 ndiye kuti mukukuza ka 1000. Mafutawo asakhudze lens ya 40, ndipo mukamaliza pukutani ndi lens paper, osati tishu kapena kona ya labu koti, lens imodzi ndi ndalama zambiri ndipo ikakandika kalasi yonse ivutika.

Tsopano za mayina aja. Tengani pepala lalikulu, olo kuseri kwa kalenda yakale, mujambule mtengo. Pa tsinde funso ndi Gram positive kapena negative. Nthambi yotsatira ndi maonekedwe, ozungulira amene timati cocci kapena timitengo timene timati bacilli. Mukapeza Gram positive cocci funso lotsatira ndi catalase, kadontho ka hydrogen peroxide, pakachita thovu ndi Staphylococcus, pakapanda thovu ndi Streptococcus kapena Enterococcus. Staphylococcus uja mumufunse coagulase, akaundanitsa plasma ndi aureus wa zithupsa ndi mabala a mafinya uja. Streptococcus mumuonera pa blood agar, chakudya cha tizilombo cha mu pleti chosakaniza ndi magazi, akayeretsa magazi mbee mozungulira colony ndi beta haemolysis ngati pyogenes wa zilonda za pakhosi, akasiya kobiriwira ndi alpha, ndipo pakati pa a alpha test ya optochin ndi imene imakusonyezani pneumoniae wa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Mbali ya Gram negative bacilli mumayambira pa agar ya MacConkey, odya lactose monga E. coli ndi Klebsiella amatuluka a pinki, Klebsiella nde amachita kunanda ngati therere mukamukhudza ndi loop, pamene Salmonella ndi Shigella wa kamwazi amakhala otuwa. Kenako test ya oxidase, imene imapatula Pseudomonas ndi Vibrio ku gulu la E. coli. Mtengo umenewu muujambule nokha ndi dzanja lanu, kangapo konse, osayang'ana m'buku, wa mnzanu wojambula pa foni sukuthandizani. Kachilombo katsopano kalikonse kamene lecturer watchula, kapezereni nthambi yake tsiku lomwelo.

Ndipo kachilombo kalikonse mukalumikize ndi munthu amene munamuonapo akudwala, chifukwa kuno kwathu matendawa si a m'buku. Kolera imene inayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ambirife tikudziwa khomo limene munalowa maliro. Nde mukamaphunzira Vibrio cholerae, kachilombo kopindika ngati chizindikiro cha comma, kothamanga kwambiri mukakaona kamoyo m'kadontho pa slide (wet mount), kotulutsa ma colony achikasu pa agar ya TCBS chifukwa kamadya sucrose, muzikumbukira chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga chija, kenako mudzifunse chimachokera kuti. Mupeza kuti ndi toxin imene imapangitsa ma cell a m'matumbo kutulutsa chloride, madzi n'kumatsatira, ndipo thanzi ORS amagwira ntchito chifukwa njira imene sodium amalowera limodzi ndi glucose imakhala isanawonongeke. Yankho lotere simungaliiwale pa mayeso. Chimodzimodzi Salmonella Typhi wa taifodi, amene katemera wake anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa asanayambe kuperekedwa dziko lonse mu 2023. Kafumbata ndi Clostridium tetani, amakhala m'dothi ngati spore ndipo amadana ndi oxygen, n'chifukwa chake bala lakuya la msomali ndi loopsa. Chinzonono ndi Neisseria gonorrhoeae, tiwiritiwiri tofiira mkati mwa ma pus cell. Komanso muzisiyanitsa msanga, malungo si bakiteriya koma parasite, chikuku ndi chiwewe ndi ma virus, izi zimasokoneza anthu mpaka chaka chachiwiri.

Musaganizenso kuti tizilombo tonse ndi adani. Kuwawasa kwa chambiko ndi kwa thobwa logona ndi ntchito ya ma lactic acid bacteria. Mukapita kumudzi zulani mtedza kapena soya muone timatuza ta ku mizu, mung'ambe kamodzi, mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti mabakiteriya otchedwa rhizobia akugwira nitrogen wa mu mpweya n'kudyetsa mbewu. Ine gawo limeneli ndimalikonda kwambiri ndipo zimandiwawa kuti ambiri amaliwerenga mongofuna kukhoza.

Luso lina lofunika kuliphunzira mpaka lilowe m'manja ndi streaking, kumwaza tizilombo pa pleti ndi loop. Cholinga ndi kupeza colony imodzi yokhala payokha, chifukwa test iliyonse yochitidwa pa chisakanizo ndi bodza. Pleti mumaigawa zigawo zinayi m'maganizo, mumapakaza gawo loyamba, kuwotcha loop, kudikira izizire, kukoka kuchokera m'mphepete mwa gawo loyamba kupita lachiwiri, kuwotchanso, choncho mpaka lomaliza. Loop yotentha ikakhudza agar imalira tsss ndipo mwapha zomwe mumafuna kudzala. Musakumbe agar, dzanja lizipepuka. Chivindikiro musachiike pa benchi n'kuyamba kucheza. Dzina, deti ndi nambala ya sample muzilemba kunsi kwa pleti komwe kuli agar, osati pa chivindikiro, zivindikiro zimasinthana. Mu incubator pleti imagona chadodolido, agar kumwamba, kuti nthunzi isadonthere pa ma colony, pa madigiri 35 mpaka 37 kwa maola 18 mpaka 24. E. coli zinthu zikamuyendera amagawikana mphindi 20 zilizonse nde mawa lake mupeza zodzadza, pamene wa TB pa chakudya chake chotchedwa Löwenstein-Jensen amatenga masabata, mpaka 8 musananene kuti palibe chamera. Magetsi akathima usiku lembani m'buku lanu kuti anathima nthawi yanji, chifukwa pleti yosamera bwino mwina vuto si inu.

Buku la mu labu likhale ndi chikuto cholimba ndipo muzilemba nthawi yomweyo, osati madzulo ku hostel mutaiwala. Jambulani chimene mwaona osati chimene buku likunena kuti mumayenera kuona. Colony kukula kwake, mtundu, m'mphepete mwake, yowuma kapena yonyowa. Zikakanika lembaninso kuti zakanika ndi chimene mukuganiza kuti chalakwika, masamba amenewo ndi amene adzakuthandizeni pa project ya chaka chomaliza.

Mukafika pa sensitivity, kuyeza mankhwala amene akugwira pa kachilomboko, njira ya Kirby-Bauer, khalani tcheru zedi chifukwa apa zotsatira zanu ndi zimene dokotala adzalembere mankhwala. Suspension, madzi amene mwasungunuliramo tizilombo, ifanane ndi muyezo wa 0.5 McFarland, muipake pa agar ya Mueller-Hinton ndi swab mbali zonse, muike ma disc a mankhwala, mawa muyeze zone, malo ozungulira disc amene sipanamere kanthu, ndi rula m'mamilimita n'kuyerekeza ndi tebulo la CLSI kapena EUCAST, mabungwe oika miyezo imeneyi, osangoona ndi maso kuti iyi ndi yaikulu. Suspension ikachuluka zone imachepa nde mumanena kuti mankhwala sakugwira pamene akugwira. Tsiku limene mudzaone Klebsiella atamera mpaka kukhudza disc ya ceftriaxone mudzamvetsa chifukwa chake timadandaula ndi anthu ogula amoxicillin ndi bactrim pa golosale chifukwa cha chimfine n'kumwa masiku awiri okha.

Chitetezo chokha ndikupemphani, musachitenge mwachibwana. Osadya, osamwa, osatafuna chingamu mu labu, pipette osayamwa ndi pakamwa, foni isatuluke m'thumba muli ndi magolovesi chifukwa ikapita pa tsaya lanu. Labu koti isapite ku kafeteriya. Zonse zimene mwameretsa zidutse mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, zisanatayidwe. Makhololo a munthu amene akuganiziridwa TB ndi a mu safety cabinet basi. Mukatayira kanthu nenani pompo, musabise poopa kukalipiridwa.

Pa holide musangokhala, lembani kalata mukapemphe attachment ku labu ya chipatala cha boma kapena cha mishoni chimene chili pafupi ndi kwanu, olo mwezi umodzi. Mukafika apatseni ulemu ma technician, apempheni kuti akuonetseni kuphika media, kuyeza ufa wa agar, kuthira mapleti opanda thovu, kulandira sample ndi kuikana ngati yabwera yopanda dzina kapena yachedwa. Ntchito zimenezi ophunzira ambiri amazinyoza koma ndi zimene zimasowa pa munthu wongotuluka kumene. Ndipo tsiku lililonse musanaweruke pemphani ma slide akale amene anawerengedwa kale, asanu okha, muwerenge nokha musanaone zimene iwo analemba, kenako muyerekeze, pomwe mwasiyana mubwerere pa maikulosikopu limodzi nawo akusonyezeni.