Mmene mayi woyembekezera angasamalire tizilombo tabwino ta m'njira ya abambo

Si tizilombo tonse topezeka m'thupi timene timayambitsa matenda. M'njira ya abambo ya mayi wathanzi mumakhala mabakiteriya otchedwa Lactobacillus, amene dokotala wa ku Germany, Albert Döderlein, anawafotokoza m'chaka cha 1892. Mabakiteriyawa amapanga asidi amene amachititsa kuti muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH usapitirire 4.5, ndipo m'malo owawasa chonchi tizilombo toipa timalephera kuswana. Mayi akaima, mahomoni a estrogen amachuluka n'kuwonjezera chakudya cha mabakiteriyawa, motero mabakiteriyawa amakhazikika kwambiri kuposa pamene mayi alibe pakati.

Choncho ntchito yaikulu ya mayi ndi kusawasokoneza. Posamba, tsukani kunja kokha ndi madzi oyera, osalowetsa chala, sopo, mandimu kapena mchere mkati, pakuti malowo amadziyeretsa okha. Pano mpamene pali nkhani, chifukwa kuno ku Tete, kuyambira ku Angónia mpaka ku Macanga, atsikana ambiri analangizidwa kuti mkazi waukhondo ndi amene amatawasa mpaka mkati ndiponso amavalira mankhwala owumitsa kuti abambo asangalale. Anankungwi timawalemekeza, koma pamfundo iyi malangizowo ngolakwika: ufa wa mizu ndi makungwa umakanda khungu lofewa lamkati, ndipo kutsuka pafupipafupi kumakokolola tizilombo toteteza tija.

Valani kabudula wamkati wathonje, ndipo muziyanika padzuwa kuti aume bwino, osati kuseri kwa chitseko monga ambiri amachitira chifukwa cha manyazi. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka m'chigwa cha Zambezi, musinthe akangonyowa ndi thukuta. Mukachoka kuchimbudzi, pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

Chikazi choyera, chosanunkha ndi chosayabwa chimachuluka mayi akakhala ndi pakati, ndipo sichifuna mankhwala. Koma chikasanduka chotuwa, chamadzimadzi, chonunkha ngati nsomba, ndiye kuti mwina mabakiteriya ena monga Gardnerella vaginalis alanda malo, vuto limene limawonjezera chiopsezo chobereka mwana masiku asanakwane komanso chotenga HIV. Musangoti ndi mauka n'kuthamangira kwa asing'anga kapena kukagula makapisozi pamsika. Kauzeni anamwino kusikelo, amene angakupatseni metronidazole kapena mankhwala ena oyenera, ndipo mumalize onse ngakhale fungo litatha patsiku lachiwiri. Bungwe la WHO, kuyambira 2016, limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo maulendo osachepera 8 asanachire, choncho mpata wofunsa za chikazi ulipo paulendo uliwonse.