Momwe mungasankhire ndi kusamalira wailesi yomvera chenjezo la nyengo panyanja

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, msodzi wa ku Senga Bay, Chikombe kapena Ngala sayenera kukankha bwato asanamve zomwe a nthambi yoona za nyengo alengeza za mwera. Nthawi ya dzinja nkhani imakhala ya mpoto, ziphaliwali ndi mitsinje yosefukira, monga mmene Dwangwa anachitira kumapeto kwa Febuluwale 2024. Machenjezo amenewa amaikidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, koma netiweki ya foni imatha mukalowa pakati pa nyanja, komanso magetsi akathima masiku awiri foni imatha moto. Wailesi yaing'ono ya FM ndiyo imapirira. Nazi zoyenera kuchita kuti mupeze yabwino ndi kuisunga yamoyo.

Choyamba, musalipirire batani losagwira ntchito kuno

Masiku ano mavenda ali ndi mawailesi ofiira kapena achikasu okhala ndi tochi, kasola pamwamba ndi kachogwirira kopukusa. Pabokosi pamalembedwa NOAA kapena WB, ndipo wogulitsa amakuuzani kuti imalira yokha kukamabwera chimphepo. Ku America imaliradi. Boma lawo lili ndi masiteshoni a zanyengo okhaokha pa matchanelo 7, kuyambira 162.400 mpaka 162.550 MHz, ndipo amatumiza kaphokoso kapadera komwe kamadzutsa wailesiyo. Kuno ku Malawi kulibe siteshoni yotumiza kaphokoso kameneko. Mukadina batani la NOAA kapena WB pawailesiyo mungomva kuti shii mpaka batire kutha. Wogulitsa akakweza mtengo chifukwa cha batani limeneli, mukanireni, mugule ngati wailesi wamba ya FM.

Chenjezo lathu limadzera pa MBC Radio 1, Radio 2, Zodiak, Nkhotakota Community Radio ndi masiteshoni ena, kawirikawiri pa nthawi ya nkhani. Ndiye chofunika n'chakuti wailesiyo izigwira FM bwino.

Chachiwiri, iyeseni musanapereke ndalama

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo amadzazindikira ali kale pamadzi. Wogulitsa amayatsa wailesi, amaika siteshoni imodzi yamphamvu, nyimbo imamveka, inu n'kulipira. Kuyesa kumeneko n'kosakwanira.

Yang'anani manambala a FM pawailesipo. Ayambire 87.5 kapena 88 n'kukathera 108. Mawailesi ena akale ochokera ku Japan amayambira 76 n'kuthera 90, monga amene amabwera m'magalimoto aja, ndipo masiteshoni onse a pamwamba pa 90 simungawamve ngakhale mutatani. Ngati ndi wailesi ya manambala owala posaka siteshoni, dinani batani losakira kamodzikamodzi mukuyang'ana. Iyende 90.1, 90.2, 90.3. Ina yopangira msika wa ku America imadumpha: 90.1, 90.3, 90.5. Yotereyi imaphonya siteshoni iliyonse yothera ndi nambala ngati 2, 4 kapena 6, kapena imaigwira mwa phokoso. Ina ili ndi posinthira dera m'kati mwa mabatani ake, koma bukhu la malangizo mavenda nthawi zambiri sakhala nalo, ndiye ndi bwino kungoisiya.

Kenako tulukani nayo panja pa shopu, kutali ndi mababu ndi matchaja, chifukwa zimenezi zimabweretsa phokoso. Solorani eriyo yonse. Pezani masiteshoni osachepera anayi, ndipo imodzi ikhale yomwe mukudziwa kuti kwanuko imamveka movutikira. Siteshoni yofooka ndiyo imaulula wailesi yabodza. Mukaipeza, chotsani dzanja pa eriyo ndi kuika wailesiyo pansi. Ikangosiya kumveka mutachotsa dzanja, ndiye kuti thupi lanu ndilo limagwira ntchito ya eriyo, ndipo m'bwato simudzakhala mutaigwira usiku wonse. Gwedezani patsinde pa eriyo pamene pali kasikulu. Mawu akamadukaduka, kawaya ka m'kati n'kosagwira bwino. Pomaliza isiyeni ikulira mphindi zisanu osaikhudza. Ina imachoka yokha pa siteshoni ikangotentha pang'ono.

Wogulitsa amene akukana kuti muyese panja, kapena akuti batire ilibe moto koma wailesi ndi yabwinobwino, musiyireni katundu wake. Ndipo gulani pa shopu yomwe mawa mudzaipeza ili pomwepo. Wa pa tsiku la msika amene wayala pansi akhoza kutsitsa mtengo, koma sabata yamawa adzakhala ali ku msika wina.

Chachitatu, batire

Tsegulani kumbuyo muone. Wailesi yabwino ndi yomwe batire yake imachoka popanda kuphwanya chilichonse. Mitundu yofala ndi iwiri: batire yobulungira yotchedwa 18650, ndi yaphanthiphanthi ya BL-5C, ija ya mafoni akale a Nokia. Zonse ndi za 3.7V. Ya 18650 ndiyo imasunga moto wambiri. Yeniyeni imakhala pakati pa 2000 ndi 3500 mAh (muyeso wa moto womwe batire imasunga) ndipo imalemera pafupifupi magalamu 45. Mukaona yolembedwa 9900 mAh, dziwani kuti ndi bodza, batire ya msinkhu umenewo siingasunge moto wotero. Inyamuleni m'dzanja: yabodza imapepuka ngati bango. Akatswiri okonza mafoni ndi malaputopu amakhala ndi ma 18650 ochotsa m'mabatire a laputopu, ndipo ambiri amaposa atsopano otchipawo. Apempheni ayeze ndi mita mukuona. Yodzaza iwerenge pafupifupi 4.2V. Yomwe yagwa pansi pa 2.5V, yatupa, kapena pepala lake lang'ambika, musatenge.

Batire ya 2000 mAh yeniyeni imayendetsa wailesi yaing'ono maola oposa 20 ngati simukukweza mawu kwambiri. Chimene chimaitha msanga ndi tochi ndi kutchajira foni. Foni za masiku ano zili ndi mabatire a 4000 kapena 5000 mAh, ndiye wailesiyo ingakhuthule moto wake wonse foni isanafike ndi theka lomwe. Alovi auzidwe poyera kuti wailesi ya m'bwato si yotchajira foni ndipo si yoimbira nyimbo za pa memori khadi.

Kasola ka pamwamba musakadalire. N'kakang'ono kwambiri, kamangowonjezera pang'onopang'ono, ndipo kuti kadzaze batire pangatenge masiku ambiri. Choipa china n'chakuti anthu amayanika wailesi yonse pa mchenga masana kuti itchaje. Dzuwa la Okutobala ku Salima kuno limawotcha pulasitiki, ndipo batire ya mtundu umenewu imawonongeka ikamatchajidwa itatentha kupitirira madigiri 45. Tchajani ndi chingwe cha USB cha 5V pamthunzi. Amene muli ndi batire ya 12V yoyatsira nyale za siginala kapena ya sola ya kunyumba, gulani katchaja ka m'galimoto kotsitsa moto kufika 5V. Kulumikiza wailesi mwachindunji ku 12V n'kuiwotcha nthawi yomweyo.

Chopukusa chija ndi chogwiritsa ntchito zinthu zikavuta basi. Mphindi imodzi yopukusa imakupatsani mphindi zochepa zomvera, zokwanira kumva chenjezo. Pukusani modekha, chifukwa magiya a m'kati ndi apulasitiki ndipo amadyeka.

Ngati wailesiyo imalolanso mabatire wamba a AA, ndi bwino kwambiri, popeza amenewa mumawapeza pa okala iliyonse. Asungeni padera m'kajumbo. Akakhalitsa m'wailesi amatulutsa madzi odya zitsulo.

Chachinayi, eriyo ndi madzi

Eriyo ikathyoka musataye wailesi. Dulani waya wa kopa wotalika masentimita 75, sendani kumapeto, mangirirani pa chitsa cha eriyo kapena pa kasikulu kake, n'kukulunga tepi. Utali umenewu ndi woyenerana ndi masiteshoni a pakati pa FM. M'boti wayayo muimike pa kamtengo, kutali ndi injini ndi nyale za LED, zomwe zimalowetsa phokoso. Kukayamba kung'anima, tsitsani eriyo ndi waya womwe. Pamadzi chinthu chosongoka m'mwamba chimaitana mphenzi.

Mawailesi ambiriwa amati salowa madzi, koma ndi dzina lokha. Olembedwa IPX3 kapena IPX4 amangopirira kuwazidwa, osati kumira. Pezani kachigubu kapena botolo lapulasitiki la kukamwa kwakukulu lotseka bwino, ikanimo wailesi, batire yapadera ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato. Mangani chingwe ku thabwa la boti. Chigubu chotseka chimayandama, ndiye ngakhale funde litalowa simutaya. Wailesi ikanyowa, musayatse kuti muone ngati ikugwira. Chotsani batire msanga, tsegulani kumbuyo, iumitseni pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri.

Chachisanu, kumvera kwenikweniko

Mverani sabata imodzi kuti mudziwe nthawi zomwe siteshoni iliyonse imawerenga zanyengo, mulembe pa kapepala, mumate m'kati mwa chigubu. Pa wailesi ya singano ikani timadontho ta penti pomwe pali masiteshoni anu kuti musamasake mumdima. A usipa mverani madzulo musananyamuke, a matchera mverani m'mawa. Tcherani khutu pa zinthu zitatu: tsiku lomwe mphepo iyambe, masiku omwe ikhalepo, ndi kutalika kwa mafunde. Akatchula mamita awiri, bwato lopalasa ndi nkhafi likhale kumtunda, ndipo boti la chilimira lodzaza anthu ndi ukonde wonyowa si lotetezeka kwenikweni ngakhale lili ndi injini. Nyanja ikhoza kuoneka bata pa doko madzulo pamene mwera uli m'njira kuchokera kummwera.

Komiti ya padoko isankhe munthu mmodzi womvera tsiku lililonse ndi kuuza anzake, chifukwa si boti lililonse lingagule wailesi. Okhala m'mphepete mwa Linthipe, Bua, Kaombe ndi Dwangwa, nthawi ya mvula wailesi muziisiya pafupi ndi pogona, osati m'sutikesi. Madzi a mitsinje imeneyi amachokera kumtunda, ndipo amafika ngakhale kwanuko kusanagwe dontho.

Wailesi itchajeni kamodzi pa mwezi ngakhale simunaigwiritse ntchito, ndipo kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Novembala muiyesenso masiteshoni onse anayi aja.