Momwe mungakonzekerere mvula ya mabingu ngati mukukhala ku Durban

Amene wangofika kumene ku Durban kuchokera kumudzi amayamba wadabwa ndi thukuta. Wasamba m'mawa, koma pofika pokwerera taxi malaya anyowa kale kumsana. Zochapa zimagona pachingwe masiku awiri osauma, ndipo nsapato zoiwalika pansi pa bedi zimachita chuku. Chinyezi chimenechi chimachokera kunyanja. Madzi a m'mbali mwa chigawo cha KwaZulu-Natal, mmene muli Durban, ndi ofunda chifukwa cha mtsinje wa madzi oyenda m'nyanja wotchedwa Agulhas, umene umatsika kuchokera cha ku Mozambique. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mpweya wonyowawo ukatenthedwa ndi dzuwa umakwera m'mwamba, madzulo mitambo n'kuda bii cha kumtunda, kenako mabingu.

Mvula yotereyi tinakula nayo kwathu ku Malawi. Chosiyana kuno ndi malo amene ambiri a ife timagona: m'mijondolo ya m'mphepete mwa mitsinje, m'zipinda zakuseri kwa nyumba za anthu, m'munsi mwa zitunda za dothi lofiira lamchenga limene likakhuta madzi limangotsetsereka. Pa 11 ndi 12 Epulo 2022 malo ena kunagwa mvula yoposa mamilimita 300 m'maola 24, ndipo anthu oposa 400 anamwalira m'chigawo chino. Ambiri madzi ndi matope zinawapeza usiku ali m'nyumba. N'chifukwa chake ndikunena kuti ntchito yaikulu yodziteteza imachitika kunja kukuwala dzuwa, mvula isanayambe n'komwe.

1. Yenderani malo amene mukukhala, masana

Tulukani, zungulirani nyumba, muyang'ane kumtunda ndi kumunsi. Funso ndi limodzi: mvula ikagwa, madzi a malo ano amadzera kuti? Ngati nyumba yanu ili pamene madziwo amasonkhana, kapena pafupi ndi mtsinje ngati Umgeni, Umlazi, Umbilo kapena Palmiet, musanyengedwe ndi kuchepa kwa madzi ake lero. Mitsinje ya kuno ndi yaifupi ndiponso yotsetsereka kwambiri, ndiye mvula ikagwa kumtunda cha ku Pinetown kapena Hillcrest imadzaza msanga, nthawi zina kwanuko kusanagwe ndi dontho lomwe. Anthu a ku Quarry Road, m'mbali mwa Palmiet, akhala akuziona zimenezi kangapo.

Funsani anthu amene akhalitsa pamalopo kuti mu 2022 madzi anafika pati. Amakumbukira bwino, ndipo ena adzakulozerani chizindikiro pakhoma. Mwininyumba sangakuuzeni zonse chifukwa akufuna lendi, choncho funsani agogo oyandikana nawo kapena wogulitsa pa tuck shop.

Ngati muli pachitunda, nkhani yanu ndi ya dothi. Yang'anani ming'alu pansi ndi pakhoma, mitengo kapena mapolo a magetsi amene ayamba kupendekeka, chitseko chimene chinkatsekeka bwino koma tsopano chikulimba, ndiponso madzi amatope otuluka m'mbali mwa chitunda pamene kale panali pouma. Zonsezi zikutanthauza kuti nthaka yayamba kuyenda. Choopsa kwambiri ndi khoma la dothi limene anadula kuti apeze malo omanga, n'kulisiya chilili kuseri kwa chipinda chanu. Amene tili ndi abale ku Chilobwe tikudziwa zimene phiri la Soche linachita mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Zitunda za kuno si zazitali ngati Soche, koma khoma la dothi lotalika ngati munthu ndi lokwanira kukwirira mwana ali mtulo. Ngati bedi lagunda khoma loyang'ana kuchitunda, lisunthireni mbali inayo lero lomwe.

Pomaliza ulendowu sankhani kothawira: holo ya m'dera, tchalitchi, mzikiti, sukulu, kapena kwa mnzanu amene ali pamalo okwera ndi olimba. Yendani njirayo ndi ana kamodzi, muonetsetse kuti siidutsa pamlatho waung'ono kapena m'khwawa.

2. Denga ndi ngalande

Apa palibe zachilendo. Khomani malata amene akugwedera, ndipo miyala kapena matayala amene mwasanjika padenga dziwani kuti mphepo yamkuntho imawagwetsera pa anthu. Kumbani kangalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi apatuke, osati alowe pakhomo. Chotsani mapulasitiki, matewera ndi mabotolo m'ngalande ya mumsewu wanu ngakhale si inu munataya, chifukwa ikatsekeka madzi ake sasankha nyumba. Kwezani bedi ndi thumba la ufa pa njerwa kapena makreti.

Nthambo za magetsi zoyenda pansi kapena zolumikizidwa mwachinyengo, zimene kuno amati izinyoka, zimapha anthu m'nyengo ino. Nthambo yosendeka ikagona m'chithaphwi, wopondamo sadziwa kanthu mpaka wagwidwa. Onani kumene zadutsa pafupi ndi kwanu, muwaonetse ana.

3. Mapepala anu

Ndikhalitsa pang'ono apa chifukwa ndinapsapo. Mu 2022 madzi analowa m'chipinda chimene ndinkachita lendi, sanafike ngakhale m'mawondo, koma chikwama changa chinali pansi pa bedi. Pasipoti inafufuma ngati buledi, masamba anamatana, chidindo chinasungunuka n'kusanduka banga la buluu. Matilesi ndinagula ena patapita mwezi, koma nkhani ya mapepala inandidyera nthawi yaitali ndi ndalama zoyendera.

Tengani pasipoti, permit, makadi a kuchipatala, masetifiketi obadwira a ana, khadi la kubanki. Ikani m'pulasitiki yokhuthala, mangani, muikenso m'pulasitiki ina. Botolo lalikulu lapulasitiki lokhala ndi chotsekera cholimba limagwiranso ntchito bwino. Jambulani pepala lililonse ndi foni, mutumize zithunzizo pa WhatsApp kwa m'bale wodalirika kumudzi kapena ku Johannesburg, chifukwa foni nayo imatha kupita ndi madzi. Phukusili likhale m'kachikwama kamodzi pamodzi ndi tochi, power bank yotchaja, ndalama pang'ono, zovala za mwana ndi mankhwala. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a TB, musasiye onse malo amodzi apansi. A masiku angapo akhale m'kachikwamako. Kolekani pa msomali pafupi ndi chitseko, poti mungakapeze mumdima magetsi atazima.

4. Phunzirani kumva machenjezo

Bungwe loona zanyengo la South African Weather Service limapereka machenjezo okhala ndi manambala kuyambira 1 mpaka 10 ndiponso mitundu itatu. Yellow ndi 1 mpaka 4, orange ndi 5 mpaka 8, red ndi 9 ndi 10. Nambalayo sinena kuchuluka kwa mvula kokha ayi. Imanena kukula kwa chiwonongeko chimene chingachitike komanso mpata woti chichitikedi. Mudzawamva pa wailesi ngati Ukhozi FM ndi East Coast Radio, ndiponso pa masamba a bungwelo ndi a khonsolo ya mzinda wa Durban, yotchedwa eThekwini, pa Facebook. Mauthenga ongozungulira pa WhatsApp opanda tsiku musawakhulupirire msanga, ena ndi a zaka zapitazo.

Mawu ena oti muwatchere khutu ndi akuti cut-off low. Imeneyi si mvula ya mabingu ya madzulo yongodutsa. Ndi mphepo yozungulira imene imaima malo amodzi n'kumakoka chinyezi kunyanja kwa masiku awiri kapena atatu osalekeza. Ndiyo inabweretsa chigumula cha Sepitembala 1987 komanso cha Epulo 2022. Taonani miyeziyo: wina dzinja lisanakhwime, wina anthu atayamba kuganiza kuti mvula yatha. Choncho musamasule phukusi lija chifukwa Malichi wapita.

Kwa ine lamulo ndi ili: kukakhala orange kapena red, ndipo mumagona m'mphepete mwa mtsinje kapena pansi pa chitunda chong'aluka, ana ndi okalamba akagone kwina kusanade. Akakusekani mawa kuti mvula sinagwe, palibe chimene mwataya.

5. Mabingu akayamba muli kuntchito

Ambiri a ife timagwira ntchito panja: kusamalira maluwa ku Umhlanga ndi Westville, kulondera magalimoto, kumanga, kugulitsa m'misewu. Mukaona ching'aning'ani, werengani mpaka mumve bingu. Masekondi atatu aliwonse ndi mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Akakhala osakwana 30, mphenzi ili pafupi moti ingakufikireni, ndiye siyani khasu, tsikani pa scaffold, lowani m'nyumba yomangidwa bwino kapena m'galimoto yadenga lachitsulo mutseke mawindo. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amatuluka mvula itangokata pamene mtambo udakali ndi moto.

Pansi pa mtengo si pobisala, ngakhale mtengowo ndi waukulu bwanji. Kashedi kopanda makoma, pokwerera basi, mpanda wa waya, bwalo la mpira, zonsezi pewani. Mukakhala kunyanja tulukani m'madzi ndipo chokaninso pamchenga. M'nyumba zulani TV ndi charger mabingu asanafike pafupi, musasambe, musatsamire malata.

Kwathu timamva zambiri za mphenzi, zoti imatsata malaya ofiira, kapena kuti yatumizidwa ndi munthu. Zoti mtundu wa chovala umaitana mphenzi si zoona. Imatsata chinthu chimene chatalika pamalo poyera. Ndipo chofunika kwambiri kudziwa n'chakuti munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni osaopa. Ngati sakupuma, yambani kumupsinja pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, wina akuimba foni. Pa foni yam'manja nambala ya zangozi ya 112 imalowa ngakhale mulibe airtime, ndipo 10177 ndi ya ambulansi. Sungani manambalawa tsopano.

6. Usiku wa mvula yosakata

Musagone nonse. Gwirizanani ndi oyandikana nawo kuti wina azituluka ndi tochi kukaona mtsinje kapena chitunda, ataima patali. Zikani kamtengo masana pamalo amene mwagwirizana kuti madzi akafikapo aliyense anyamuke, kuti pasadzakhale kukangana pakati pa usiku. Mukamva phokoso ngati la lole kuchokera kumtunda, mitengo ikuthyoka, kapena mtsinje ukasintha mwadzidzidzi n'kukhala phala la matope, thamangirani cham'mbali, osati kutsetsereka kutsogolo kwa matopewo. Zimitsani magetsi pa main switch ngati manja ndi mapazi anu ali pouma. Gogodani kwa anzanu podutsa, makamaka amene angofika kumene amene samva Chizulu, chifukwa anthu akamakuwa panja iwo sadziwa kuti akunena chiyani.

Ndikudziwa chimene chimabweza anthu: furiji, TV, makina osokera amene munasonkhera miyezi yambiri, ndiponso mantha akuti akuba alowa. Mantha enanso ndi a mapepala, kuopa kuti kuholo akafunsa permit. Ndikukupemphani, abale anga, tulukani kaye. Zinazo tidzakambirana kutacha muli moyo.

7. Madzi a pamsewu

Madzi othamanga ongofika m'akakolo, masentimita 15, amagwetsa munthu wamkulu. Ofika masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Madzi amatope sasonyeza kuti pansi phula lakokoloka kapena chivundikiro cha ngalande chachoka. Mu 2022 misewu ikuluikulu ngati N2 ndi M4 inawonongeka, makontena anakokoloka cha kudoko, ndipo fakitale ya Toyota ku Prospecton inamira mpaka kutsekedwa miyezi ingapo. Ngati dalaivala wa taxi akufuna kudutsa pamlatho wobisika ndi madzi, tsikani, ngakhale mwalipira kale. Tumizani uthenga kwa abwana kuti muchedwa. Ana asapite kusukulu ngati njira yawo imawoloka mtsinje.

8. Mvula ikakata

Madzi osefukira a m'tauni amasakanikirana ndi zonyansa za m'mapaipi a zimbudzi. Ana asasewere m'zithaphwi, ndipo chilonda chilichonse chimene chakhudza madziwo chitsukeni ndi sopo. Chakudya chimene chanyowa nawo tayani, ngakhale ndi thumba la ufa latsopano. Kunyanja nakonso dikirani, chifukwa ikagwa mvula yambiri magombe ena amatsekedwa kaamba ka tizilombo ta E. coli.

Mipopi imatha kuuma. Anthu a ku Tongaat anakhala miyezi akudalira madzi a m'matanki a magalimoto malo oyeretsera madzi atawonongeka mu 2022. Choncho chenjezo likangotuluka tungani zigubu zingapo. Madzi okayikitsa awiritseni, kapena thirani supuni yaing'ono imodzi ya Jik wopanda fungo lowonjezera m'malita 25, muvundule, mudikire maola osachepera awiri, monga mmene timachitira ndi WaterGuard kumudzi. Mwana akayamba kutsegula m'mimba mupatseni ORS ndipo thamangirani naye kukiliniki tsiku lomwelo.

Musabwerere m'nyumba ya pachitunda chifukwa choti dzuwa lawala. Dothi lokhuta madzi limatha kugumuka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Yang'ananinso ming'alu ija; ngati yakula, ikani kamtengo kopingasa m'ng'aluwo madzulo, mukaone m'mawa ngati kagwa; kakagwa ndiye kuti nthaka ikadali kuyenda. Mukalowa, musayatse magetsi mpaka masoketi aume ndipo wodziwa za magetsi awaone. Tulutsani matilesi padzuwa, tsegulani mawindo, pukutani makoma ndi madzi a Jik chuku chisanamere, chifukwa m'chinyezi cha kuno chimagwira pa masiku awiri okha ndipo chimavutitsa ana a mphumu. Jambulani zonse zimene zawonongeka musanayambe kukolopa, kenako kalembetseni dzina kwa khansala wa ward yanu.